Kulumikiza pulogalamu ya mathiraki ndi makina a boma zinthu zikavuta: zomwe Dover inatiphunzitsa

Sipatha mwezi osalandira uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa mnzathu wina wolemba mapulogalamu, kaya wa konkuno ku Britain kaya wa kumudzi amene wapeza ganyu ya pa intaneti ku kampani ya mathiraki. Funso lake limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, andipatsa ntchito yolumikiza pulogalamu yathu yotumizira katundu ndi makina a kasitomu. Ndiyambire pati?" Ena ndawayankha pafoni, ena ndakhala nawo pansi mpaka usiku. Lero ndilembe kamodzi kuti aliyense azidziwerengera yekha.

Ndikamba za njira yomwe ndikuidziwa bwino: mathiraki owoloka nyanja pakati pa doko la Dover ku Britain ndi la Calais ku France, ndi makina olembetsera mathiraki odutsa padoko otchedwa GVMS, a bungwe la HMRC, lomwe limatolera misonkho kuno monga imachitira MRA kwathu. Ndasankha njirayi chifukwa inakumana ndi mavuto motsatizana. Usiku wa pa 20 Disembala 2020 dziko la France linatseka chipata kwa maola 48 kwa thiraki iliyonse yochokera ku Britain yokhala ndi dalaivala, poopa mtundu watsopano wa Covid-19 womwe unapezeka m'dera la Kent, komwe kuli Dover. Mathiraki zikwizikwi anaima ndondondo mumsewu wa M20, ena anakawaunjika pabwalo lakale la ndege la Manston. Chipata chitatsegulidwa pa 23 Disembala, panabwera lamulo loti dalaivala aonetse umboni woti wayezedwa m'maola 72 apitawo ndipo alibe kachilombo. Ambiri anadyera Khirisimasi m'kabini. Pa 31 Disembala nthawi ya 11 koloko usiku, nyengo yokonzekera Brexit, kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union, inatha, katundu amene kwa zaka zambiri ankangodutsa n'kuyamba kufuna mapepala a kasitomu. Zonsezi m'masiku 11 okha.

Mawu atatu muyambe mwawadziwa, chifukwa mudzawamva tsiku lililonse. EORI ndi nambala yomwe a kasitomu amadziwira kampani, ndipo ya ku Britain imayamba ndi zilembo GB. MRN ndi nambala yomwe imatuluka ejenti akalembetsa katundu kwa a kasitomu. Thiraki imodzi ikanyamula katundu wa anthu asanu ikhoza kukhala ndi ma MRN asanu kapena kuposa. GMR ili ngati mtolo womanga zonse pamodzi: ma MRN onse, nambala ya thiraki, nambala ya thirela ndi njira yomwe idutse. Imatuluka ndi barcode yomwe dalaivala amaonetsa padoko, ndipo imagwira ulendo umodzi wokha. Kuyambira pa 1 Januwale 2022 thiraki yochokera ku France yolowera pa Dover kapena pa Eurotunnel, njanji yodutsa pansi pa nyanja, imafunika GMR, ngakhale ikhale yopanda kanthu.

1. Musanalembe code, khalani tsiku limodzi pambali pa wokonza maulendo

Pemphani mpando muofesi ya maulendo ndipo mungoonerera. Onani kuti MRN imafika bwanji: pa imelo, pa PDF, kapena ejenti amaimba foni n'kuiwerenga pakamwa. Onani kuti thiraki imanyamuka nthawi yanji poyerekeza ndi nthawi yomwe pepala lomaliza limafika. Mudzadabwa kupeza kuti kawirikawiri dalaivala amakhala ali kale pamsewu MRN yomaliza isanatuluke. Mabuku a API, njira yomwe pulogalamu yanu imalankhulira ndi makina a boma, sangakuuzeni zimenezi, koma kamangidwe konse ka pulogalamu yanu kadalira pamenepa. Mukapeza mpata, kwerani ulendo umodzi ndi dalaivala mpaka kudoko.

2. Lembetsani msanga, ndipo samalani ma token

Tsegulani akaunti pa HMRC Developer Hub, lembetsani pulogalamu yanu, ndipo yambani mu sandbox, malo oyeserera omwe cholakwa chanu sichiimitsa thiraki ya munthu. Chilolezo cholowera m'makina enieni chimapemphedwa padera ndipo sichituluka tsiku lomwelo, choncho musadikire sabata yomaliza. Kampani ya mathiraki nayo iyenera kukhala ndi EORI ndi akaunti ya Government Gateway, yolowera pa ntchito za boma za pa intaneti, ndipo mwini akauntiyo ndi amene amalowa n'kuvomereza kuti pulogalamu yanu izimugwirira ntchito.

Akavomereza mumalandira access token, yomwe ili ngati kiyi wolowera m'makina a HMRC ndipo imatha pa maola 4, pamodzi ndi refresh token yotengera ina. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: refresh token imagwira kamodzi kokha. Ngati muli ndi maseva awiri ndipo onse ayesa kuigwiritsa ntchito nthawi imodzi, imodzi ipambana, inayo itsala ndi kiyi wakufa. Ntchito yotenga token yatsopano ikhale ya malo amodzi, ena onse azitenga kumeneko. Komanso chilolezo cha mwini kampani chimatha pakapita miyezi 18. Lembani tsikulo ndipo pulogalamu iyambe kukumbutsa kutatsala mwezi, chifukwa munthu wodziwa password ya Government Gateway sapezeka 2 koloko ya usiku.

3. Malamulo asakhale m'kati mwa code

Taonani moyo wa chiphaso chotchedwa Kent Access Permit. Chinayamba pa 1 Januwale 2021, chinkafunika kwa thiraki yoposa matani 7.5 yopita ku Dover kapena ku Eurotunnel, chinkagwira maola 24 okha, ndipo woyenda popanda chiphasochi ankalipira chindapusa cha mapaundi 300. Pa 20 Epulo chaka chomwecho chinathetsedwa. Sichinakwanitse n'komwe miyezi inayi. Amene analilemba lamuloli m'kati mwa code anafunika kutulutsa pulogalamu yatsopano kawiri, poliika ndi polichotsa, kenako n'kudikira kuti madalaivala onse aikenso pamafoni awo.

Pangani tebulo la malamulo. Mzere uliwonse unene dzina la lamulo, njira yomwe likukhudza, mtundu wa galimoto, nthawi yoyambira, nthawi yothera, umboni wofunika, kutalika kwa moyo wa umboniwo, tsamba la boma lomwe mwalitenga, ndi dzina la amene walilowetsa. Wokonza maulendo wamkulu azitha kuwonjezera mzere yekha popanda kukudzutsani. Nthawi ya mliri kapena chipata chikatsekedwa, lamulo limalengezedwa madzulo n'kuyamba kugwira pakati pa usiku.

Nkhani ya nthawi ndiitsindike kwa ife ochokera ku Malawi, chifukwa kwathu wotchi sisintha chaka chonse ndipo timaiwala. Ku Britain ndi ku France amaisuntha ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi n'kuibweza Lamulungu lomaliza la Okotobala, komanso France ili patsogolo pa Britain ndi ola limodzi. Pakati pa usiku pa ku Calais ndi 11 koloko ya ku Dover. Sungani nthawi zonse mu UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse yomwe sisuntha, muzisintha pokhapokha poonetsa munthu, ndipo pambali pake muzilemba kuti ndi nthawi ya kuti. Chiphaso cha maola 24 kapena umboni wa maola 72 ukawerengedwa molakwika ndi ola limodzi, dalaivala amene wakhala pamzere usiku wonse amabwezedwa ali pakhomo penipeni.

Za umboni wa matenda, sungani zochepa: wayezedwa liti, zotsatira zikumulola kudutsa kapena ayi, ndipo umboniwo utha liti. Zina zonse ndi chinsinsi cha dalaivala, ndipo lamulo likathetsedwa muzifufute.

4. "Talandira" si "tavomera"

Mukatumiza pempho la GMR, makina a HMRC sakupatsani GMR pompopompo. Amayankha ndi 202, kutanthauza kuti pempho lafika ndipo lili pamzere. Yankho lenileni limabwera pambuyo pake kudzera m'bokosi la mauthenga: mukhoza kumakafunsako nokha, kapena kuwapatsa adiresi ya seva yanu kuti azikutumizirani. Ndaona mapulogalamu angapo akuyatsa chizindikiro chobiriwira pongolandira 202, wokonza maulendo n'kuuza dalaivala kuti anyamuke. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. GMR ndi yanu pokhapokha nambala yake yafika m'manja mwanu ndipo makina anena kuti palibe chotsalira.

Ndiponso GMR ikhoza kutuluka koma ili yosakwanira, mwina chifukwa MRN imodzi yalembedwa molakwika kapena siikugwirizana ndi njira. Choncho pulogalamu yanu isakhale ndi mitundu iwiri yokha, wobiriwira ndi wofiira. Ulendo uliwonse uzikhala pa amodzi mwa malo anayi: sitinatumize, tatumiza koma sitinamve yankho, boma lavomera, boma lakana, ndipo chifukwa chake n'chakuti. Malo achiwiriwo ndi ofunika kuposa onse, ndipo azioneka ndi mtundu wawowawo pamodzi ndi mphindi zomwe zadutsa chitumizireni.

Chifukwa chokanira muchimasulire m'mawu a anthu. Wokonza maulendo safuna nambala ya cholakwa. Akufuna kudziwa kuti ndi MRN iti, ya kasitomala uti, ndipo aimbire ndani.

5. Chilichonse chosintha pabwalo chifikenso kwa boma

Ichi ndinachiphunzira movutikira. Usiku wina thiraki inapezeka ndi vuto pabwalo, anyamata n'kukoka thirela yake ndi thiraki ina. M'pulogalamu yathu anasintha bwinobwino, ndipo pasikirini zonse zinkaoneka zolongosoka. Koma ndinali ndisanalembe kuti kusinthako kuzipitanso ku GMR. Dalaivala anafika padoko ndi barcode yonena nambala ya thiraki yomwe inatsala kubwalo. Anam'patutsa, sitima inam'siya, ndipo katundu anafika mochedwa. Cholakwa chinali changa, koma amene anagona panja ndi dalaivala.

Lembani mndandanda wa zonse zomwe zikasintha ziyenera kukonzedwanso kwa boma: thiraki, thirela, doko, kampani ya sitima, katundu wowonjezera kapena wotsitsidwa. Chimodzi mwa izi chikasintha, ulendowo uzibwerera wokha pa "tatumiza koma sitinamve yankho" mpaka boma livomerenso. Nthawi ya chipwirikiti zosinthazi zimachuluka kwambiri, chifukwa aliyense amathamangira doko lomwe lili ndi mzere waufupi.

6. Makina a boma akazima

Malangizo ambiri amathera pa sitepe 5, ngati kuti makina a boma sadwala. Amadwala, ndipo amakonda kudwala tsiku lomwe zina zonse zavutanso. Kumapeto kwa Malichi 2022 GVMS inasiya kugwira bwino ntchito kwa masiku oposa sabata. Nthawi yomweyo sitima za kampani ya P&O Ferries zinali zitaima pa Dover kampaniyo itachotsa antchito pafupifupi 800 pa 17 Malichi, ndipo tchuthi cha Pasaka chinali pafupi. M20 inadzazanso mathiraki. HMRC inalengeza njira yongoyembekezera: mathiraki azidutsa poonetsa umboni wina woti katundu walembetsedwa, monga ma MRN enieniwo, m'malo mwa GMR. Makampani omwe madalaivala awo anali ndi manambalawo m'manja anapitiriza kuyenda. Omwe ankadalira barcode yokha anayamba kusakasaka maimelo thiraki ili kale pamzere.

Pali zinthu zinayi zoti mukonzeretu kukadali bata.

Choyamba, pulogalamu izidziwa kusiyanitsa vuto lanu ndi vuto la boma. Pempho limodzi likalephera, mwina ndi netiweki yanu, mwina token yatha. Koma mapempho a makampani osiyanasiyana akamalephera onse kwa mphindi zingapo pamene intaneti yanu ili bwino, kapena akamalandiridwa koma bokosi la mauthenga lili zii, pamenepo dziwitsani munthu. HMRC ili ndi tsamba pa GOV.UK lonena ngati GVMS ikugwira kapena ayi. Adiresi yake ikhale pasikirini ya wokonza maulendo.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupemphani mundimvetse: pulogalamu isasankhe yokha kuyamba njira yongoyembekezera. Kudutsa popanda GMR ndi chilolezo chomwe boma lokha limapereka, kwa nthawi yomwe lanena. Seva yanu ikaona kuti GVMS siikuyankha, chimenecho si chilolezo. Ikani batani lomwe munthu mmodzi kapena awiri audindo angadine, ndipo podina alembe tsamba la boma lomwe lalengeza, nthawi yoyambira ndi nthawi yothera. Nthawi yothera ikakwana batani lizizima lokha, pokhapokha wina atalitalikitsa ndi chilengezo chatsopano. Ndamvapo anthu akulangizana kuti zikavuta dalaivala angoonetsa barcode ya ulendo wapita. Musalole n'komwe kuti pulogalamu yanu ithandize zimenezo. Barcode ya ulendo wotha izichoka pafoni, chifukwa wokayankha mlandu pamaso pa a kasitomu ndi dalaivala ndi kampani yake.

Chachitatu, dalaivala anyamule zonse asanatuluke pageti, tsiku lililonse, osati pokhapokha kukavuta. Ndimachitcha kathumba ka paulendo: tsamba limodzi lokhala ndi GMR ngati ilipo, ma MRN onse m'zilembo zikuluzikulu, EORI ya kampani, nambala za thiraki ndi thirela, ndi foni ya munthu amene adzayankhedi usiku. Kasungidwe m'foni mwenimwenimo kuti kazitseguka popanda netiweki, ndipo pomwe pali printa kasindikizidwenso papepala. Mathiraki mazanamazana akaima malo amodzi netiweki imalemera, panyanja imasowa, ndipo foni ya munthu amene wakhala pamzere maola khumi imakhala itatsala pang'ono kuzima. MRN yatsopano ikafika ali pamsewu, kathumba kazikonzedwanso ndipo ofesi izitha kuona ngati foni yake yalandira. Mawu akhale ochepa: ambiri mwa madalaivala a njirayi ndi a ku Poland, Romania, Bulgaria ndi maiko ena, ndipo manambala ooneka bwino amawathandiza kuposa ndime ya Chingerezi.

Chachinayi, musatumize thiraki kukalowa pamzere mapepala asanakwane poganiza kuti akwanira ili m'njira. Masiku abwinobwino ambiri amachita zimenezi ndipo zimayenda. Masiku ovuta, thiraki ikalowa mumzere wa M20 siitulukamo mwakufuna kwake, maola ololedwa a dalaivala amatha, ndipo ngati yanyamula nsomba kapena nyama katundu amawonongeka. Pulogalamu izionetsa poyera maulendo omwe MRN ina ikusowa, kuti wokonza maulendo asankhe akudziwa. Kudikira pabwalo pomwe pali chimbudzi ndi madzi n'kwabwino kwa munthu kuposa kudikira pamsewu.

Pali kanthu kena komwe kamaiwalika. Thiraki yolowa mu Britain ikakwera sitima, GVMS ndi yomwe imanena ngati ipite kukafufuzidwa, mwachitsanzo ku Sevington pafupi ndi Ashford, kapena ingopitirira. Dalaivala amene wauzidwa kukaima koma wapitirira amabweretsa chindapusa. Pulogalamu yanu ikapanda kumva kanthu, isalembe kuti "pitirirani". Ilembe kuti "sitinamve, funsani padoko", ndipo imupatse tsamba la boma pomwe angalowetse GMR yekha.

Pa nthawi yonseyi lembani chilichonse: chomwe munatumiza, nthawi yake, yankho lomwe linabwera kapena kusabwera, amene anadina batani, ndi thiraki zomwe zinadutsa pa njira yongoyembekezera. A kasitomu akhoza kudzafunsa patapita miyezi, pamene aliyense waiwala.

7. Akayakanso, musathamangire pakhomo nonse

HMRC imalola pulogalamu imodzi kutumiza mapempho atatu pa sekondi, ndipo mukapyola imayankha ndi 429, kutanthauza kuti mapempho achuluka. Ngati mwasunga mapempho mazana angapo n'kuwamasula onse pakamodzi, mudzitsekera nokha khomo. Atulutseni pang'onopang'ono, ndipo mzere wake usatsate amene anabwera poyamba koma amene sitima yake inyamuke posachedwa. Pempho lililonse lomwe linatsala pa "sitinamve yankho" muyambe mwafunsa ngati linafika musanalitumizenso. Ndipo musatumize zomwe zinali zoona dzana; tengani nambala ya thiraki ndi njira monga zilili tsopano. Maulendo omwe anadutsa kale pa njira yongoyembekezera muwaike pamndandanda wawo, munthu awaone limodzi ndi zomwe boma lalangiza pa maulendo otere.

8. Yeserani kuzima kusanachitike

Kamodzi pa miyezi ingapo, sankhani m'mawa wopanda phuma. Mu sandbox, dulani njira yopita ku HMRC osauza wokonza maulendo nthawi yeniyeni, ndipo muone kuti papita mphindi zingati asanazindikire. Yesaninso mtundu wina wa kuzima, woti mapempho akulandiridwa koma mayankho sakubwera, chifukwa umenewu ndi umene umapusitsa anthu. Sinthani thirela pakati pa zonsezo. Lowetsani lamulo longopeka loyamba pakati pa usiku nthawi ya ku France, muone ngati likuyamba 11 koloko ya ku Dover.

Pomaliza itanani dalaivala mmodzi, makamaka amene sakonda za mafoni. Zimitsani data ndi Wi-Fi pafoni yake, imani pawindo la kabini ngati wa padoko, mum'funse ma MRN onse a katundu amene wanyamula. Akachedwa kuwapeza kapena akayamba kufuna kuimbira ku ofesi, bwererani ku sitepe 6 mukakonze kathumba ka paulendo.